Kangaude akaluma munthu chipatala chili kutali, tichite chiyani pakhomo?

Chigafa_77
Akuluakulu, nyengo ino anthu akusesa m'zigafa, kukonza nkhokwe, kusuntha milu ya nkhuni ndi njerwa, ndiye nkhani yolumidwa ndi kangaude yachuluka. Aliyense ali ndi mankhwala ake. Wina akuti makala osinja, wina adyo, wina Colgate, wina utomoni wa papaya, wina akuti temani mphini muyamwe. Kumene chipatala chili pa mtunda wa makilomita 15 kapena 20 munthu sangathamangireko ndi kachilonda kalikonse. Odziwa tiuzeni: zothandizadi ndi ziti, zowononga ndi ziti, ndipo ndi pati pamene tiyenera kusiya zonse n'kufuna kabaza?

NamwinoWaUsiku
Choyamba ndi sopo ndi madzi. Tsukani pamalopo ndi madzi oyera kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, osakhula mwamphamvu. Ngati ndi pa dzanja, vulani mphete, wotchi ndi zibangili nthawi yomweyo, chifukwa chala chikatupa mphete siivukanso.

Kenako ikani chozizira. Ayisi mumukulunge m'kansalu, muike mphindi 10, muchotse mphindi 10, mubwereze kwa ola limodzi kapena awiri. Ayisi wosakulunga amawotcha khungu. Mkono kapena mwendo muukweze pamtsamiro kuti kutupa kuchepe, ndipo wolumidwayo asiye kaye ntchito.

Chomaliza chimene ambiri sachita: tengani bolopeni, zungulizani mzere m'mphepete mwa pofiirapo, lembani nthawi pambali pake. Mawa simudzakangana kuti pakula kapena ayi, mzerewo udzakuuzani. Akangaude ambiri akaluma zimathera pomwepa, pamasiku awiri kapena atatu papola.

Wakabaza_Lunzu
Ayisi kumudzi? Ngakhale m'tauni momwe magetsi akazima filiji imasanduka kabati.

NamwinoWaUsiku
Madzi a mumtsuko ndi okwanira, achimwene. Nyikani kansalu koyera, finyani pang'ono, ikani, ndipo kakafunda nyikaninso. Ngati pali golosale yapafupi, botolo la chakumwa chozizira kapena filizesi wokulunga m'nsalu amagwira ntchito yomweyo.

Gogo_wa_Pamudzi
Ife timadziwa kuthowa ndi madzi otentha. Chotupa chilichonse chimafuna kuthowa kuti chiphwe. Zozizirazi zayamba liti?

Mphunzitsi_Bio
Agogo, kuthowa kuli ndi malo ake, koma si pano. Chithupsa chimafunadi kansalu kofunda kuti mafinya asonkhane. Poizoni wa kangaude ndi nkhani ina. Kutentha kumatsegula mitsempha ya magazi, kutupa n'kuwonjezeka, ndipo mtundu wina wa poizoni, uja amaoletsa khungu, umagwira ntchito mwamphamvu pamalo pakatentha. Mukathowa mwauthandiza.

Ndifotokozeko za akangaudewo, chifukwa chochita chimatengera amene waluma. Kum'mwera kwa Africa kuno oopsa ali m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi la Latrodectus, amene ku Joni amawatchula kuti button spider. Poizoni wawo amagwira minyewa. M'gululi, wofiirira ndiye wofala pakhomo: mimba yozungulira yosapitirira sentimita imodzi kwenikweni, miyendo yamizeremizere, ndipo kunsi kwa mimba kuli chizindikiro cha mtundu wa lalanje, makona atatu awiri okhudzana nsonga. Njira yosavuta yomudziwira ndi thumba la mazira ake, loyererako, laminga ngati chipatso cha nsatsi. Amakonda pansi pa mipando, m'mafelemu a mawindo, m'matayala akale, m'bokosi la mita ya madzi ndi m'zimbudzi zokumba. Mnzake wakuda bii amakhala kwambiri kutchire ndi m'minda, chizindikiro chofiira chili pamsana, thumba la mazira ndi losalala, ndipo ndiye woopsa kuposa wofiirira. Amene amaluma ndi aakazi.

Gulu lachiwiri ndi la owononga khungu, makamaka Loxosceles: wofiirira, miyendo yaitali yopyapyala, maso asanu ndi limodzi. Amabisala pansi pa miyala, makungwa, makatoni ndi m'zovala zimene zakhalitsa osavalidwa. Iyeyu akaluma nthawi zambiri munthu samva kanthu, amadzazindikira patapita maola.

Zikuluzikulu zaubweya zokhala m'mauna zija zimaopsa maonekedwe, zikaluma zimapweteka kwambiri, koma kawirikawiri zimathera pa kutupa.

Tsinzinantole
Munthu walumidwa m'chimbudzi usiku, mukuti awerenge maso asanu ndi limodzi?

Mphunzitsi_Bio
Ayi. Ngati kangaudeyo waoneka, muvindikireni ndi kapu, lowetsani pepala kunsi, mumuike m'botolo. Ngakhale wophwanyidwa ndi nsapato amathandiza, kapena mujambuleni ndi foni. Koma musataye nthawi kufukula mulu wa nkhuni ndi manja kumufunafuna, mungalumidwe awiri.

WaFamase_Limbe
Ndiyankhe za mankhwala akumwa. Wamkulu amwe Panado wa 500 mg, mapiritsi awiri pa maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Kupitirira apo chiwindi chimawonongeka, ndipo samalani chifukwa mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol m'kati mwake. Mwana amayezedwa ndi sikelo: 15 mg pa kilogalamu iliyonse. Mwana wa makilogalamu 10 ndiye kuti 150 mg, yomwe ndi pafupifupi 6 ml ya Panado wamadzi wa 120 mg pa 5 ml.

Brufen wa 400 mg katatu patsiku amachepetsa kutupa, koma amwedwe munthu atadya. Wa zilonda zam'mimba, wa vuto la impso ndi mayi woyembekezera asamwe. Aspirin asapatsidwe mwana wosakwana zaka 16.

Pakamayabwa, Piriton wa 4 mg, piritsi limodzi katatu patsiku kwa wamkulu. Amagonetsa, ndiye a Wakabaza_Lunzu mukamwa ameneyu njinga muiimike. Cetirizine wa 10 mg kamodzi patsiku sagonetsa kwambiri. Chopaka ndi calamine kapena hydrocortisone wa 1%, pang'ono chabe kawiri patsiku, pokhapokha ngati khungu silinang'ambike. Kukanda ndi kumene kumabweretsa tizilombo, choncho wengani zikhadabo, makamaka za ana.

MaiWaMapasa
Nanga kutsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pachilondapo? Ambiri amachita zimenezo ndipo amati pamauma msanga.

WaFamase_Limbe
Amayi, chonde ayi. Kapisozi wa amoxicillin kapena doxycycline anapangidwa kuti adutse m'mimba. Ufa wake pachilonda umapanga nkhanambo yabodza, mafinya n'kumasonkhana kunsi. Komanso maantibayotiki sapha poizoni wa kangaude, amapha mabakiteriya. Ngati pachilonda palowa mabakiteriya, achipatala ndiwo asankhe mtundu wake ndi masiku ake. Kugula makapisozi anayi pagolosale n'kumwa masiku awiri ndi kumene kukuchititsa kuti mankhwalawa asiye kugwira ntchito.

Kadziwotche
Inu a chipatala mumanyoza chilichonse cha makolo. Makala amakoka poizoni, ngakhale kuchipatala komweko munthu akamwa tameki amamupatsa makala. Bodza?

NamwinoWaUsiku
Si bodza, koma taonani kusiyana kwake. Makala a kuchipatala ndi okonzedwa mwapadera, ndipo amagwira poizoni amene ali m'mimba chifukwa amakumana naye maso ndi maso. Poizoni wa kangaude ali kunsi kwa khungu, walowa pa timabowo tosaoneka n'komwe, ndipo pamphindi zochepa wayamba kale kuyenda m'thupi. Chimene mwapaka pamwamba sichimupeza. N'chimodzimodzi mwala wakuda uja, phulusa, fodya wosinja, dothi la pachulu. Makala a pambaula pakhungu losang'ambika sapha munthu, amangodetsa pamalopo mpaka osaonanso ngati pakusintha mtundu, pamene mtunduwo ndi umene tikufuna kuuyang'anira. Pachilonda chotseguka, dothi, phulusa ndi ndowe ndi njira ya kafumbata.

Kadziwotche
Nanga bwanji anthu amachira akapaka?

Tsinzinantole
Chifukwa akanachira ngakhale osapaka. Mwamva kale kuti ambiri amapola okha pamasiku atatu.

Mphunzitsi_Bio
A Kadziwotche, sikuti zonse za pakhomo n'zachabe. Tizisiyanitse. Zilipo zotonthoza zimene sizivulaza: madzi oterera a m'kati mwa tsamba la alovera, mutatsuka bwino n'kutaya utomoni wachikasu uja chifukwa umayabwitsa, kapena soda wophikira, masipuni atatu pa sipuni imodzi ya madzi, kupaka mphindi 10 n'kutsuka. Zimenezi zimachepetsa kuyabwa basi, sizichotsa poizoni, ndipo n'zapakhungu losang'ambika.

Zilipo zowotcha. Adyo wosinja womangirira ndi nsalu amatulutsa matuza pamaola ochepa, makamaka pakhungu la mwana. Utomoni wa papaya wosapsa, mandimu, Colgate, palafini, petulo, mafuta a mabuleki ndi madzi a m'batire, zonsezi zimapsereza khungu. Kenako munthu amafika kuchipatala ndi bala la kupsa, aliyense n'kumati kangaudeyo anali woopsa.

Ndipo zilipo zoika moyo pachiswe: kutema mphini, kuyamwa, ndi kumanga chingwe kapena mphira kumtunda kwa bala. Mphini sizitulutsa poizoni, zimangotsegula khomo la mabakiteriya, ndipo lezala logwiritsa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Mphira womanga zolimba amatseka magazi, ndipo pakapita maola angapo dzanja likhoza kufa ndithu chifukwa cha kangaude amene sakanachita kanthu.

MaiWaMapasa
Uchi bwanji? Umenewo ndiye ndamva ngakhale anamwino akuuyamikira.

NamwinoWaUsiku
Uchi uli ndi ntchito pa bala losazama lomwe latseguka kale, chifukwa mabakiteriya amafa msanga m'menemo. Sukoka poizoni. Mukaugwiritsa ntchito, tsukani bala, pakani pa kansalu ka bandeji koyera, phimbani, sinthani tsiku lililonse. Vuto ndi loti uchi wina wogulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu ndi wosakaniza ndi shuga ndi madzi, woterowo umangoitana nyerere. Bala lomwe likuda pakati kapena likukula si la uchi, ndi la chipatala.

Madzi otsukira bala pangani chonchi: wiritsani lita imodzi, ikanimo masipuni aang'ono awiri a mchere osasefukira, dikirani azizire, sungani m'botolo lotseka, pangani atsopano tsiku lililonse. Mchere wochuluka umaluma n'kuchedwetsa kupola. Sipiriti ndi wa khungu la m'mbali, osati m'kati mwa bala.

DotoloWaZiweto
Ndikhoteko pang'ono. Zilonda zambiri zimene anthu amati ndi kangaude si kangaude. Ngati palibe amene wamuona akuluma, ganizirani zinanso.

Chotupa chofiira, chotentha, chokhala ndi mutu wa mafinya nthawi zambiri ndi chithupsa. Tizilonda tambiri tondandana pamsana kapena m'manja podzuka m'mawa ndi nsikidzi. Kangaude saluma kambirimbiri, amaluma kamodzi akapanikizika. Kachilonda kakuda pakati, pamodzi ndi mwanabere, mutu ndi kutentha thupi patatha sabata munthu atayenda m'tchire kapena kukhola, ganizirani nkhupakupa, ndipo matenda amenewo amafuna mankhwala a kuchipatala. Matuza ondandana mbali imodzi yokha ya thupi, owotcha, ndi mashingozi, ndipo mankhwala ake amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku atatu oyamba. Bala lakuda losapweteka, lotupa kwambiri m'mbali, kwa munthu amene wasenda kapena kugwira nyama yofa yokha, likhoza kukhala matenda a ziweto otchedwa anthrax. Ku Zambia matendawa anavuta mu 2023. Limenelo musalipake uchi, pitani tsiku lomwelo ndipo mukanene za nyamayo.

Ndiye pali mphutsi. Ntchentche ina imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, kamphutsi n'kulowa m'khungu. Chotupa chake chili ndi kabowo pakati ndipo munthu amamva kanthu kakuyenda. Matani Vaseline wambiri pakabowopo, kamphutsiko kasowa mpweya n'kusuzumira, ndiye finyani pang'onopang'ono m'mbali. Kakaphulikira m'kati pamachita mafinya.

Wakabaza_Lunzu
N'chifukwa chake amayi athu amasita ndi matewera omwe. Ena amati ndi matama.

MaiWaMapasa
Si matama. Simbi yamakala imapha mazirawo, makamaka m'misoko ndi m'lamba wa kabudula. Ndipo zovala ziyanikidwe pachingwe padzuwa, osati paudzu.

Chigafa_77
Tabwererani kwa kangaude, abale. Funso langa lachitatu silinayankhidwe. Ndi pati pamene tisiye za pakhomo?

NamwinoWaUsiku
Pepani, nali yankho. Kangaude wa poizoni wogwira minyewa sachedwa kudzionetsa. Pamalopo pamawotcha, pasanathe theka la ola ululu wafika m'khwapa kapena m'mphechepeche, ndipo pa ola limodzi kapena awiri minofu ya m'miyendo, msana, chifuwa ndi mimba imayamba kukokana. Mimba imauma gwa. Thukuta limachita kuyenderera mpaka zovala kunyowa, nkhope kutupa, munthu kusowa mtendere, kulephera kuyenda, BP kukwera. Mukaona chimodzi mwa zimenezi nyamukani, ngakhale pakati pa usiku. Wodwalayo asapalase yekha njinga, ndipo musamupatse mowa kuti alimbe mtima. Mukafika nenani za kangaudeyo, chifukwa mimba youma choncho imafanana ndi apendikisi, ndipo thukuta ndi kuphwanya kwa thupi zimafanana ndi malungo.

Button spider wofiirira wa pakhomo uja nthawi zambiri amathera pa kuwotcha ndi kathukuta pamalo olumidwawo, komabe muyang'anireni munthuyo maola 6 oyamba, asagone yekha.

Wowononga khungu ndi wochedwa. Tsiku loyamba pamangofiira. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu pakati pamayamba kuoneka pa buluu kapena pakuda, nthawi zina ndi thuza. Thuzalo musaliboole. Kuda kukayamba, pitani, chifukwa bala lotere limatha masabata kapena miyezi, ndipo limafuna wodziwa kulitsuka. Musadule nokha khungu lakufalo ndi lezala. Mkodzo ukada kapena maso akachita chikasu, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo.

Zina zosadikira: kubanika, kutupa milomo, lilime kapena zikope, zidzolo thupi lonse, chizungulire. Kufiira kukadumpha mzere wa bolopeni uja, kukatuluka mzere wofiira wokwera m'mkono kapena m'mwendo, mafinya, fungo, kapena kutentha thupi, ndiye kuti mabakiteriya alowa.

Ndipo pali anthu amene sitiyesa n'komwe kuwasunga pakhomo: mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, okalamba, wa matenda a mtima kapena BP. Wa shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika aonetse bala lililonse la kuphazi ngakhale likuoneka laling'ono.

Mjoni_wa_Benoni
Kuno ku South Africa mankhwala othana ndi poizoni wa button spider wakuda uja amapangidwa ku Johannesburg ndi South African Vaccine Producers. Amaperekedwa kudzera mumtsempha, kuchipatala kokha, kwa amene zizindikiro zakula, ndipo munthu amayamba kupeza bwino pasanathe ola. Si ogula n'kusunga m'nyumba, chifukwa amapangidwa kuchokera m'magazi a akavalo ndipo thupi la ena limawakana mwadzidzidzi, pamafunika jakisoni wa adrenaline pafupi. A kangaude wowononga khungu uja kuno kulibe, chithandizo chake ndi kusamala bala basi. Abale amene mumagwira ntchito m'magadeni ndi m'mafamu a mphesa ku Western Cape, magolovesi aja si okongoletsa.

Kadziwotche
Ndiye ngati mankhwalawo ali ku Joni, kuchipatala cha kwathu tikatenga chiyani? Si bola kukhala pakhomo?

NamwinoWaUsiku
Si chipatala chilichonse chimasunga mankhwala amenewo, n'zoona. Koma kuli jakisoni wa ululu woposa Panado, mankhwala omasula minofu, diripi, makina oyezera BP, mpweya, ndi munthu wokuyang'anirani usiku wonse. Akuluakulu ambiri amachira ndi zimenezi pamasiku angapo. Pakhomo mwana akayamba kubanika mulibe chomuthandizira.

Kulinso katemera wa kafumbata. Ngati padutsa zaka 10 chibayitsireni, kapena zaka 5 pamene balalo ndi lakuda ndi dothi kapena latemedwa mphini, kabayitseni. Amayi ambiri analandira kusikelo ali oyembekezera, koma abambo ambiri chibayireni ali ana.

Tsinzinantole
Ine ndikuti tingopopera Doom nyumba yonse, nkhani ithe.

Mphunzitsi_Bio
Siitha. Mankhwala opopera amapha kangaude amene amugunda, koma salowa bwino m'thumba la mazira, ndipo thumba limodzi limatulutsa tiana toposa 100. Tengani tsache kapena ndodo yaitali, kokolani ukonde pamodzi ndi matumbawo, phwanyani ndi nsapato kapena ponyani pamoto. Chitani zimenezi kamodzi pa sabata m'chimbudzi, makamaka kunsi kwa chivindikiro ndi m'mphepete mwa bowo, ndipo usiku muzilowamo ndi tochi.

Akangaude a miyendo yaitali a m'ngodya za denga ndi aja ophwatalala a pakhoma asiyeni, amadya udzudzu ndi ntchentche ndipo alibe vuto kwa munthu.

Gogo_wa_Pamudzi
Ukonde wakewo kale ankaika pabala kuti magazi asiye.

DotoloWaZiweto
Ankaikadi, agogo, koma ukonde wa m'khola ndi m'chigafa wadzaza fumbi la ndowe, momwe mumakhala tizilombo ta kafumbata. Kansalu koyera kopanikiza mphindi 10 kamaletsa magazi bwino kuposa pamenepo.

Za kupewa ndiwonjezere izi. Jombo ndi nsapato zogona pakhonde muzigogode chozondotsa musanavale. Zovala zopachika pamsomali ndi zofunda zimene zakhalitsa m'sutikesi muzikutumule panja. Bedi lisagunde khoma, ndipo neti ilowe pansi pa matiresi kapena mphasa, isalendewere mpaka pansi. Ponyamula nkhuni, njerwa kapena mapesi, gubuduzani kaye ndi phazi lovala nsapato kapena ndi khasu, ndipo mtolo usagone pakhosi popanda nsalu. Mulu wa nkhuni ukhale patali ndi khoma la nyumba.

MaiWaMapasa
A Namwino, bala likakhala laling'ono loti tikusamala pakhomo, tiziphimba kapena tizisiya kuti lipitidwe mphepo? Ndipo GV ndi wabwino?

NamwinoWaUsiku
Ngati khungu silinang'ambike, lisiyeni poyera. Ngati latseguka, liphimbeni, chifukwa ntchentche ndi fumbi sizichedwa. Sambani m'manja ndi sopo, tsukani ndi madzi a mchere aja, pukutani m'mbali, pakani Vaseline pang'ono kuti nsalu isamatirire, phimbani ndi bandeji kapena kansalu kowiritsa n'kusita. Musamange zolimba, chala chizitha kulowa kunsi kwa bandeji. Thonje lisakhudze bala, ulusi wake umatsalira m'kati. Sinthani kamodzi patsiku, kapena msanga ikanyowa, ndipo ikamatirira inyowetseni kaye ndi madzi a mchere musanaichotse.

GV amaumitsa tizilonda tapamwamba, koma pa bala la kangaude ndimakana, chifukwa amadetsa khungu ndi mtundu womwewo umene tikuyang'anira. Ngati mukufuna mankhwala opha tizilombo, Betadine wopaka m'mbali ndi wabwino chifukwa amachoka ndi madzi, ndipo mutha kuona khungu lenileni musanamangenso.